Ndani anaonerapo bandi ya rock maso ndi maso? Tiuzeni za tsikulo

Kondwani (Joni):
Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Dzulo ndimasanthula m'sutikesi kufunafuna kalata ya kusukulu ya mwana, ndiye m'kati mwa pasipoti yakale ndapezamo tikiti itapindika pawiri. U2, FNB Stadium, pa 13 Febuluwale 2011. Inki inayamba kufufutika koma tsikulo likuwerengeka bwinobwino. Ndinangokhala pansi pomwepo, za kalata zija n'kuiwala.

Linali Lamulungu. Nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka ziwiri kuno, ndikutsuka mbale m'lesitilanti ina, ndipo tikitiyo anandigulira ndi msuweni wanga amene anandilandira nditangofika. Tinakwera sitima pa Park Station n'kukatsika pa Nasrec, anthu akuimba njira yonse. Titalowa m'bwalo ndinaima kakasi. Siteji sanaiike kukhoma ngati mmene tinazolowera. Anaimika chinthu cha miyendo inayi chonga nkhanu yaikulu, kutalika kwake mamita ngati 50, masipika ali lendelende m'mwamba, anthu atazungulira mbali zonse. Tinalipo opitirira 90,000. Ena mwa otsegulira anali Amadou ndi Mariam, banja losaona la ku Mali lija.

Ng'oma yoyamba ya U2 itagunda sindinaimve ndi khutu ayi, ndinaimva m'nthiti. Nyimbo zomwezo ndinali nditazimva kambirimbiri pa wailesi, koma sindinkadziwa kuti nyimbo imalemera. Kenaka pakati pa shoo anangotulukira Hugh Masekela ndi lipenga lake, bwalo lonse linawira. Msuweni wanga, munthu amene sindinamuonepo akulira ngakhale pamaliro, ankapukuta misozi ndi chipewa. Pobwerera ndi pamene anandiuza kuti m'bwalo lomwelo, tsiku ngati lomwelo mu 1990, Mandela analankhula kwa anthu a ku Soweto patangopita masiku awiri chitulukire m'ndende.

Ndiye ndati ndifunse pano. Amene munaonerapo bandi ya rock maso ndi maso, kunali kuti, liti, ndipo munali ndi ndani?

Mayi a Tadala (Area 25):
Mutu wabwino uwu a Kondwani. Tikitiyo muikutire m'pulasitiki isafufutike.

Mphatso (Ndirande):
Achimwene Kondwani, ndifunse mwaulemu, musandimve molakwa. Ine rock ndimayesetsa koma imandikanika, ndimangomva magitala akukuwa. Komanso kodi zimenezi si za azungu? Ife shoo imene timaidziwa ndi ya Ma Blacks, kapena ya malemu Soldier.

A Sakala (Chipata):
Mphatso mwana wanga, funso lako ndi labwino, ndipo ndasangalala kuti wafunsa ndikadali moyo. Khala pansi ndikuuze.

Ine ndinapita ku Lusaka mu 1974 kukakhala kwa amalume ku Matero, ndili ndi zaka 17. Masiku amenewo mnyamata aliyense m'komboni ankafuna gitala. Ku Kitwe kunali WITCH ndi Amanaz, kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndipo ku Lusaka kwathu tinali ndi Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, mwana wa ku Chibolya. Onsewa anali akuda ngati iwe ndi ine, ana a anthu a m'migodi ndi m'makomboni, ndipo ankaimba rock yolemera kuposa ya azungu ambiri amene ndinadzawamva pambuyo pake. Lero akuitcha Zamrock.

Paul Ngozi ndinamuona koyamba mu 1976, Loweruka, m'holo ina yofolera ndi malata. Ndalama yolowera ndinaipeza posenza matumba a makala masiku awiri. M'katimo munali motentha kwabasi, thukuta likuchita kudontha kuchokera kudenga. Anatuluka atavala buluku lotambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali zija. Atagunda nsambo yoyamba malata onse ananjenjemera, fumbi n'kumatigwera m'mutu. Kumbuyo kwake pang'oma kunali Chrissy Zebby Tembo, akumenya ngati ng'omazo zamulakwira. Itafika pakati nyimbo, Paul ananyamula gitala n'kuiika pakamwa, kuyamba kuiliza ndi mano. Ndinali pafupi kwambiri, ndinaona ndi maso angawa, sizomva. Atsikana anakuwa, anyamata tinakwera pamabenchi, benchi imodzi inathyoka koma palibe anatembenuka.

Ndipo chimene chinatigwira mtima sichinali mano aja. Ankaimba m'Chinyanja chathu chomwechi ndi m'Chingerezi, za njala ya m'komboni, za mowa, za ana osamvera, za mabanja osokonekera. Unkamva kuti munthuyu akunena za pakhomo panu. Nanga zimenezo n'za azungu?

Mphatso (Ndirande):
Bambo, izi sindinazimvepo n'komwe. Ndiye kuti pa wailesi ankaziulutsa?

A Sakala (Chipata):
Kwambiri. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko momwemo. Mbale ankazidinda ku Ndola. Ukadutsa m'komboni Loweruka madzulo, gumbagumba iliyonse inali Ngozi Family kapena WITCH.

Yamikani (Zomba):
A Sakala, ine ndimaliza gitala kutchalitchi, ndipo mbale za anthu amenewa ndinazimvera pa YouTube. Kulira kokhakhala kuja, ngati sipika yang'ambika, ankakupeza bwanji? Anali masipika owonongeka?

A Sakala (Chipata):
Ayi Yamikani, ankachita dala. Kanali kabokosi kakang'ono pansi, kopondedwa ndi phazi, ankakatcha fuzz. Akakaponda gitala inkalira ngati mavu chikwi atsekeredwa m'chitini. Ena analinso ndi kena kochititsa gitala kulira ngati khanda. Zida zinali zochepa, mabandi ankabwerekana, nsambo ikaduka ankailumikiza. Koma manja anali nawo.

Mayi a Tadala (Area 25):
Kuno nthawi imeneyo sizikanatheka. Lamulo la kavalidwe la 1973 lija, mwamuna wa tsitsi lalitali ankamumeta, ife akazi buluku osayerekeza. Achimwene anga aakulu ankamvera mabandi a ku Zambia usiku pa wailesi, atatsitsa mawu.

A Sakala (Chipata):
Zoona mayi. Ndikamapita kukaona azakhali ku Mchinji ndinkayamba ndameta ndisanafike pa Mwami, buluku lotambalala n'kulisiya kunyumba.

Mapeto ake anali owawa. Mtengo wa kopa unagwa, anthu ndalama ya tikiti inasowa. Mu 1978 ndege za Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, zinayamba kuphulitsa misasa ya omenyera ufulu pafupi ndi Lusaka, boma n'kuletsa kuyenda usiku, magetsi kumathimitsidwa. Bandi idya chiyani popanda usiku? Disko inalowa, mwini bala n'kuona kuti munthu mmodzi wokhala ndi mbale ndi wotchipa kuposa anyamata asanu. Kenaka matenda aja a Edzi anadzasesa. Paul anamwalira mu 1989. Ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake, ndikapita ku Lusaka ndimadutsako dala. Jagari Chanda wa WITCH ndi amene anatsala mwa anzake oyamba aja. Anakhala zaka akukumba miyala yamtengo wapatali, koma pano akuimbanso ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano. Mdzukulu wanga anandionetsa pafoni, ana a azungu akudumpha pamaso pa nkhalamba ya msinkhu wanga. Ndinauza mwanayo kuti abwezerenso katatu.

A Mbewe (Ntcheu):
Akulu anzanga a Sakala, mwandidzutsa. Ndinati ndingowerenga koma sizitheka.

Ine ndinabadwira ku Mbare, mu Harare, bambo anga anachokera ku Dedza kupita ku Salisbury, Harare ya lero, kukafuna ntchito. Ndili ndi masiku awiri amene ndimawasunga mumtima. Loyamba ndi mu Febuluwale 1987 pa bwalo la Rufaro, pafupi ndi kwathu penipeni, pamene Paul Simon anabwera ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo. Makeba ndi Masekela nthawi imeneyo sakanatha kuponda kwawo ku South Africa, ndiye Harare ndi pamene panali pafupi. Koma ife ana a Amalawi maso athu anali pa woliza gitala, Ray Phiri. Bambo ake anali Mmalawi amene anapita ku Joni. Bambo anga atamva dzinalo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kunena kuti tiyeni tikamuone mwana wa kwathu. Munthu woti sanapiteko ku dansi chibadwire. Ray ankaliza gitala uku akuvina, miyendo ikupita kwina, mapewa kwina, koma chala osaphonya. Bambo sanavine, anangoima manja kumbuyo, mutu ukugwedera pang'onopang'ono.

Yamikani (Zomba):
Malume, shoo imeneyo ndi yaikulu ndithu, koma ndikukayika ngati tingaitche rock. Magitala ake ndi a mbaqanga ya ku Soweto.

A Mbewe (Ntcheu):
Wanena zoona, sindikutsutsa. Ndaitchula chifukwa cha bambo anga. Ya rock yeniyeni ndi iyi.

Pa 7 Okutobala 1988, National Sports Stadium, bwalo limene linali litangomangidwa kumene ndi anthu a ku China. Amnesty International, bungwe loona za ufulu wa anthu, inakonza ulendo wa oimba kuzungulira dziko lapansi pokumbukira zaka 40 za chikalata cha ufulu wachibadwidwe, ndipo Harare inali pamndandanda. Bruce Springsteen ndi E Street Band, Sting, Peter Gabriel, Tracy Chapman, Youssou N'Dour. Ndinali ndi zaka 24, ndikugwira ntchito m'fakitale ina ku Southerton, ndipo tikiti inadya gawo lalikulu la malipiro anga. Ndinapita ndi mtsikana amene ndinkamufunsira, amene lero ndi mayi a ana anga.

Chimene chinatidabwitsa tisanalowe n'komwe ndi magalimoto a manambala a ku South Africa. Anali zikwizikwi, ambiri ana a azungu, atayenda usiku wonse kudzera pa Beitbridge, chifukwa oimba amenewa ankakana kukaimba kwawo nthawi ya tsankho. Poyamba tinkayang'anana ndi diso la kumbali. Kumbukirani kuti chaka cham'mbuyo mwake mabomba ankaphulika mu Harare, ndipo tinkadziwa kumene akuchokera. Pafupi ndi ife panaima anyamata atatu, makosi ofiira ndi dzuwa, akulankhula Chibunu. Mkazi wanga anandikoka dzanja kuti tisunthe, koma posunthira panalibe.

Tracy Chapman anatuluka yekhayekha ndi gitala yamatabwa, kamtsikana kamanyazi, bwalo lonse linangoti zii. Peter Gabriel ataimba nyimbo yake yolira Steve Biko, anthu tinakweza zibakera m'mwamba. Ndinatembenuka, ndinapeza anyamata atatu aja nawonso zibakera zili m'mwamba, mmodzi akulira mosabisa. Springsteen anafika usiku utapita. Asanaimbe nyimbo ina anaima n'kulankhula mwachindunji kwa achinyamata a ku South Africa, za kukakamizidwa kulowa usilikali kukamenyera tsankho. Mnyamata wolira uja anandiuza pambuyo pake kuti kalata yake yomuitana ku usilikali inali itafika kale. Tinagawana botolo la madzi. Dzina lake sindinafunse, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa kuti anapita kapena anathawa.

Koma kuimba kwake, abale. Bandi ija inali ngati lole yodzaza ikutsika phiri la Dedza, yosaimika. Ndipo panali chimunthu chakuda, chachitali, choliza saxophone, Clarence Clemons. Akaponda kutsogolo n'kuuzira, Springsteen ankamutsamira paphewa. Mzungu ndi wakuda kutsamirana chotero pamaso pa anthu a ku South Africa, mu 1988, inu simungamvetse mmene zinkaonekera. Tinatuluka pakati pa usiku, mabasi atatha, tinayenda wapansi mpaka m'tauni. Panjira pamenepo ndi pamene anandilola.

Thoko (Pretoria):
Malume, mwandiliza ndili pa ntchito.

Kondwani (Joni):
A Mbewe, ndiye kuti Masekela munamuona zaka 24 ine ndisanamuone. Ndagwira chipewa.

Nachisale (Luton):
Moni nonse, ndangoweruka kumene. Yanga ndi Live 8, shoo yopempha maiko olemera kuthandiza Africa, ku Hyde Park mu London, pa 2 Julayi 2005, ndipo ndimaikumbukira ndi mitima iwiri.

Ndinali ndi chaka chimodzi ku Mangalande, mmodzi mwa anamwino ambiri amene tinachoka kumudzi zaka zimenezo. Matikiti sankagulitsa, unkatumiza uthenga pafoni n'kudikira mwayi. Mnzanga wa ku Philippines wa muwodi yathu anapata awiri, n'kunditenga. Tinalipo pafupifupi 200,000, tinaima kutali moti oimba tinkawaonera pa zikanema zikuluzikulu. Anatsegula ndi Paul McCartney pamodzi ndi U2 masana, ndipo zinatha pakati pa usiku, miyendo itatupa.

Pink Floyd sindinkaidziwa. Cha m'ma 11 koloko kunatuluka madala anayi a imvi, osavina, osadumpha, atavala ngati akupita kumsika. Pambali panga panali bambo wina wachikulire, anagwira kukamwa n'kuyamba kunjenjemera. Mwa chizolowezi cha ntchito ndinamufunsa ngati akumva bwino. Anandiuza kuti awiri mwa anthu amenewo, Roger Waters ndi David Gilmour, anakangana koopsa, ndipo anayiwo anali asanaimire pa siteji imodzi kwa zaka 24. Kenaka gitala ya Gilmour inayamba. Sindidziwa ndinene bwanji. Sankathamanga, ankagwira liwu limodzi n'kulikoka mpaka umve ngati likutuluka m'mimba mwako. Thupi lonse linachita tsembwe. Atamaliza anayiwo anakolekerana manja m'mapewa n'kuwerama. Sanadzaimbenso onse pamodzi, poti woliza kiyibodi anamwalira mu 2008.

Mtima wachiwiri ndi uwu. Tsiku lonse ankanena za Africa, koma oimba a ku Africa pa siteji imeneyo anali osowa. Youssou N'Dour anangoonekera pang'ono. Ena monga Thomas Mapfumo anakawaika ku Eden Project, ku Cornwall, kutali. Pa zikanema ankaonetsa ana anjala, ndipo chaka chimenecho kwathu ku Nsanje kunalidi njala, malipiro anga ankathera kugula chimanga cha abale. Ndinaima pakati pa anthu akuomba m'manja, ine ndikuganiza za mayi anga pamzere wa chimanga. Patangopita masiku asanu mabomba anaphulika m'sitima za pansi pa nthaka mu London, chisangalalo chonse chinazima.

Kondwani (Joni):
Achemwali, ine ndimaona ngati shoo imene ija inathandiza oimbawo kuposa ife. Mbale zawo zinagulidwa kwambiri sabata yotsatira.

Nachisale (Luton):
Mbali ina mukunena zoona achimwene. Komabe atsogoleri a G8, gulu la maiko olemera, atakumana ku Gleneagles ku Scotland sabata yomweyo nkhani ya ngongole inali pakamwa pa aliyense, ndipo gawo lalikulu la ngongole za Malawi linakhululukidwa mu 2006. Sindikuti ndi magitala anachita zimenezo, mipingo ndi a Jubilee 2000, gulu lomenyera kukhululukidwa kwa ngongole, anali atayamba kale kukuwa zaka zambiri m'mbuyomo. Ine ndikungonena zimene ndinamva nditaima pamenepo. Chimwemwe ndi manyazi zinali m'thupi limodzi.

A Sakala (Chipata):
Mwalankhula bwino mayi.

Yamikani (Zomba):
Nonse mwatchula za kunja, ine ndibweretse nkhaniyi kumudzi. Lake of Stars ya 2011 ku Nkopola, ku Mangochi. Amene munali kuno mukukumbuka chaka chimenecho, mafuta a galimoto kunalibe, anthu akugona pamizere ndi zigubu, ndipo za zionetsero za pa 20 Julayi zinali zikadali m'maso. Tinasonkherana anyamata asanu, tinasaka mafuta masiku atatu, n'kunyamuka pa Zomba kudzera pa Liwonde ndi kagalimoto ka mnzathu, titanyamula tenti yobwereka ndi thumba la mbatata.

Ine ndinapitira Freshlyground ndi Ma Blacks. Foals, anyamata a ku Oxford, sindinkawadziwa. Atakwera pa siteji ndinaona kuti magitala awapachika m'mwamba pafupi ndi chifuwa, ndipo zala zili kumunsi kwa khosi la gitala, kumene kumatuluka mawu ang'onoang'ono. Atayamba ndinadzidzimuka. Sankakwapula nsambo zonse pamodzi ayi, aliyense ankatola timawu tifupitifupi, wina akasiya mpata mnzake n'kulowamo, ngati mmene amachitira a sungura kapena a rumba. Ndinauza mnzanga kuti anthu awa anamverapo magitala a kuno, sizingatheke. Kenaka nyimbo inkakwera pang'onopang'ono, kukwera, kukwera, mpaka ng'oma ndi besi n'kugwa pamodzi ngati chigumula. Tinali osavala nsapato, mchenga ukunjenjemera pansi pa mapazi, kumbuyo kwathu nyanja ili bata, kutali uko nyali za asodzi a usipa zili ngwee pamzere. Anyamata ogulitsa ziboliboli, amene poyamba anangoima kumbali manja m'thumba, pofika nyimbo yachitatu anali pakati akudumpha nafe.

Nditabwerera ku Zomba ndinakhala mwezi wathunthu ndikuyeserera kalizidwe kameneko. Mpaka lero ndikamaliza pa kwaya pamakhala timawu tina timene ndinatola usiku umenewo, ndipo amayi a mvano amavina osadziwa kumene tinachokera.

Mayi a Tadala (Area 25):
Ine ndinapita ya 2010, kunali Noisettes. Mtsikana wawo Shingai Shoniwa, makolo ake a ku Zimbabwe, akuimba uku akuliza besi. Tadala anali ndi zaka 9, anabwerako akuti akufuna besi. Pano ndi amene amaliza kutchalitchi kwathu.

Thoko (Pretoria):
Yanga ndi Linkin Park, FNB, pa 10 Novembala 2012. Ndinali chaka chachiwiri ku yunivesite kuno, ndipo kunena zoona chinali chaka choipa pa moyo wanga. Mayi anali atamwalira mu Epulo, ine ndili kutali, ndipo ndinafika ku Lilongwe ataikidwa kale. Sindinkauza munthu. Ndinkangotseka chitseko n'kuika nyimbo zawo m'makutu, chifukwa Chester Bennington ankakuwa mmene ine ndinkafunira kukuwa.

Masiku atatu m'mbuyo mwake ku Cape Town mphepo inagwetsa chinsanja cha zotsatsa malonda kunja kwa bwalo, mayi mmodzi anamwalira, ena anavulala. Ndiye tinalowa ndi mantha pang'ono, maso ali m'mwamba. Koma magetsi atazima, anthu onse n'kuyamba kuimba liwu ndi liwu, ndinakuwa mpaka mawu anatha. Mtsikana amene sindimamudziwa anandigwira dzanja nyimbo yonse, osafunsa kanthu. Aka kanali koyamba kulira maliro a mayi anga bwinobwino. A Mphatso, phokoso limene mukunenalo nthawi zina ndi limene munthu amafuna, kuti alire popanda womuyang'ana.

Chester atadzipha mu Julayi 2017 ndinakhala masiku awiri osadya. Munthu amene anatithandiza ambiri kupirira, iye mwini zinamukanika.

Nachisale (Luton):
Pepa mng'ono wanga Thoko. Ndipo aliyense pagulu pano amene mtima ukumulemera chotero, chonde asakhale chete. Andilembere kumbali nthawi ina iliyonse, usiku ndimakhala maso.

Thoko (Pretoria):
Zikomo achemwali. Pano ndili bwino, ndinapeza thandizo.

Kondwani (Joni):
Chinthu china chimene ndaona. Mu Januwale 2025 ndinabwereranso m'bwalo lomwelo kukaonera Green Day ndi mwana wanga woyamba. Bandi inaimba ndi mphamvu zonse, koma kutsogolo kwanga kunali mafoni okhaokha m'mwamba. Anthu alipira ndalama zambiri kuti adzaonere shoo pa kagalasi ka m'manja. Zinandipweteka.

Thoko (Pretoria):
Apo ndiye sindikuvomerezani kwenikweni achimwene. Ine ndili ndi kavidiyo ka masekondi 40 ka usiku uja, kosaoneka bwino, mawu ophwanyika. Ndi chuma changa. Inunso mwasunga tikiti zaka zonsezi, kusiyana kwake n'kotani?

Kondwani (Joni):
Tikiti inali m'thumba, manja anali omasuka. Koma ndamva, masekondi 40 si shoo yonse.

A Sakala (Chipata):
Ine ndikanakhala ndi chithunzi ngakhale chimodzi cha Paul Ngozi usiku uja, bwenzi ndikuchipachika pabalaza. Ndilibe kanthu, ndipo anzanga amene ndinali nawo onse anapita. Ndikamasimba ana amaganiza kuti ndikuwonjezera. Jambulani ana inu, kungoti mukajambula bwezani foni m'thumba muvine.

Mphatso (Ndirande):
Ndamvera Ngozi Family kuyambira masana, bambo Sakala. Nyimbo ina ndamva mawu onse, Chinyanja chake chomveka ngati akulankhula munthu wa pa Ndirande pompano. Gitala ija ikundilasabe m'khutu koma ndabwereza kanayi. Ndiye ndimafuna ndidziwe, malume Mbewe, Springsteen uja simunadzamuonenso?

A Mbewe (Ntcheu):
Ndinamuonanso mwana wanga, ndipo ndimafuna ndisanene poopa kutalikitsa.

Ife tinabwerera kumudzi mu 2003 zinthu zitavuta ku Zimbabwe. Mwana wathu wamkazi woyamba, amene anabadwa mu 1990, anakapeza ntchito ku Johannesburg. Nkhani ya 1988 anakula akuimva mpaka kuiloweza. Mu Januwale 2014 anangotitumizira matikiti a basi, akuti bwerani mudzaone kumene ndimakhala. Tinadutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, masiku awiri panjira, msewu womwe uja ana a azungu anadzera kubwera kwa ife, ife tikuutsata chobwerera. Titafika ndi pamene anatulutsa matikiti ena atatu. Springsteen, FNB Stadium, pa 1 Febuluwale. Mandela anali atamwalira miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, ndipo mwambo womukumbukira unachitikira m'bwalo lomwelo.

Munthu uja anali ndi zaka 64 koma ankathamanga pa siteji kuposa mmene ndinamuonera ali mnyamata. Ine maso anga ankasakasaka chimunthu cha saxophone chija. Ndinkadziwa kuti anamwalira mu 2011, mwana anali atandiuza, koma maso samva. Itafika nthawi yake m'nyimbo, anaponda kutsogolo mnyamata wa tsitsi lambiri, n'kuuzira chimodzimodzi, liwu lomwe lija. Ndinafunsa kuti ameneyu ndani. Mwana anati ndi Jake Clemons, mwana wa mchimwene wake wa malemuyo. Ndinati kwathu ameneyo timangoti mwana wake, wavala nsapato za bambo ake.

Mayi anu anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, kodi mnyamata wa botolo la madzi uja alipo muno? Tinayang'anayang'ana ndithu, ngati tingamuzindikire pakati pa anthu onse aja. Panali azibambo ambiri a imvi, a msinkhu wake, ena atanyamula ana pamapewa.

Kondwani (Joni):
Malume, matikiti amenewo alipo?

A Mbewe (Ntcheu):
Ya 2014 ilipo, ili m'Baibulo la mayi anu. Ya 1988 inatsala ku Mbare m'kabati imene tinagulitsa posamuka. Mawa kukacha ndimuuza mdzukulu ajambule imene ilipoyi, ndiiponya pano.